Mapampu a petulo okonzanso m'chigwa cha Shire: wogula aone chiyani, wokonza amapindulira pati

Madzi akayamba kuphwa m'madambo cha mu Epulo, aliyense wa dimba kuyambira ku Dyeratu mpaka ku Bangula amayamba kufunsa za pampu. Yatsopano ya Honda ndi ya anthu ochepa. Yatsopano ya ku China ilipo, koma mtengo wake umayenda ndi dola, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nayonso inakwera mtengo. Apa ndi pamene pali msika wa amakaniko a m'mphepete mwa msewu wa M1, amene amagula mapampu akufa, kuwaphwasula, kuika zatsopano pamene padadyeka, n'kuwagulitsanso pa mtengo wotsikirapo.

Maganizo athu pa katunduyu ndi akuti pampu yokonzanso bwino ndi yogulika, ndipo kwa mlimi wa ekala imodzi kapena awiri imatha kuposa yatsopano yotchipa imene masipeya ake sapezeka. Vuto ndi loti pansi pa dzina limodzi loti "yokonzanso" pamagulitsidwa zinthu ziwiri zosiyana. Ina idaphwasulidwa yonse, kuyezedwa ndi kumangidwanso. Ina idangotsukidwa ndi petulo, kuikidwa pulagi yatsopano n'kupentedwa kufiira. Zikakhala pakhonde la galaja zimaoneka chimodzimodzi. Kusiyana kwake mumakuonera kudimba mu Okutobala, matimati ali pa maluwa, dzuwa litadutsa madigiri 40.

Mapampu ambiri amene tikunena pano ndi a paipi ya mainchesi awiri kapena atatu, oyendetsedwa ndi injini ya silinda imodzi ya mtundu wa Honda GX160 kapena zotengera zake za ku China zolembedwa 168F. Silinda yake ndi ya 68 mm, injini imazungulira mpaka maulendo 3,600 pa mphindi, ndipo imalowa oyilo wokwana malita 0.6 basi. Ubwino wa banja la mainjini limeneli ndi woti zipangizo zambiri zimalowana, ndiye makaniko akhoza kutenga kabureta ya iyi n'kumanga pa iyo. Kulowana kumeneku ndiko kwachititsa kuti ntchito yokonzanso itheke n'komwe.

Zimene zimapha mapampu kuno n'zodziwika. Choyamba ndi mchenga. Madzi a mu Shire, mu Ruo ndi m'zitsime zokumba mumchenga wa mtsinje wa Mwanza amabwera ndi mchenga wosalala umene umadya impela (chitsulo cha mapiko chimene chimazungulira n'kukankha madzi) ndi chigoba chake chamkati ngati fayilo, makamaka sefa ya kumapeto kwa paipi ikagona pansi penipeni m'malo moikidwa mu dengu kapena pamwala. Chachiwiri ndi kuliza pampu isanathiridwe madzi m'mimba mwake. Pakati pa injini ndi pampu pali mechanical seal, timbale tiwiri tosalala, kamodzi ka kaboni kena ka seramiki, timene timazizira ndi madzi omwe akupopedwawo. Tikazungulira touma timapsa m'mphindi zochepa. Chachitatu ndi kuika pampu mopendekeka pagombe. Injiniyi ilibe pampu ya oyilo, imangowaza oyilo ndi kasupuni ka pansi pa con rod (chitsulo cholumikiza pisitoni ku crankshaft, shafuti yaikulu ya injini), ndiye ikapendekeka kasupuniko kamaphonya ndipo injini imanoka. Pali kachipangizo kozimitsa injini oyilo akachepa, koma alimi ambiri amadula waya wake chifukwa kamawasokoneza pa ntchito. Onjezani petulo wosiyidwa mu kabureta dzinja lonse. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, amene amakoka chinyezi, ndipo pakatha miyezi inayi tinjira ta mu kabureta timakhala titatsekeka. M'madera amene madzi apansi ali amchere, chigoba cha aluminiyamu chimachita timaenje mkati. Pamwamba pa zonsezi pali madzi osefukira, amene tiwanena pansipa chifukwa ndiwo amagwetsa bizinesi ya wokonza wosasamala.

Galaja yodalirika muidziwa ndi zida zoyezera. Ngati pabenchi palibe feeler gauge ndi vernier, ndiye kuti zonse akuchita mongoganizira. Kukonzanso kwenikweni kumayamba ndi kukhuthula oyilo m'mbale yoyera n'kumuyang'ana. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi analowa. Akamanyezimira tizitsulo, con rod yadya crankshaft. Kenako amachotsa mutu wa silinda, kutulutsa pisitoni, kulowetsa ringi ya pisitoni yokha musilinda n'kuyeza mpata wa pakamwa pake. Pa ringi yatsopano musilinda yabwino mpatawo ndi 0.2 mpaka 0.4 mm, ndipo ukafika 1 mm ringiyo yatha ntchito. Ngati ringi yatsopano ikusiyabe mpata waukulu, yadyeka ndi silinda, ndipo kungoika maringi kudzangobisa utsi kwa milungu iwiri kapena itatu. Apa pamafunika kuboola silinda n'kuika pisitoni yokulirapo ndi 0.25 mm kapena 0.50 mm, kapena kutenga buloko (thupi la injini mmene muli silinda) ina pa pampu yophwasula. Pa mainjini a ku China njira yachiwiriyi ndiyo imakonda kutchipa, chifukwa kutumiza buloko ku Blantyre kuli ndi thiransipoti yopita ndi yobwera.

Pini ya crankshaft ndi ya 30 mm ndipo con rod ya aluminiyamu imazungulira pomwepo popanda kanthu pakati. Ikakhala ndi mizere yogwira chikhadabo, con rod yatsopano siikhalitsa. Mabelingi awiri a 6205 amayenera kusinthidwa nthawi iliyonse pamene injini inamirapo. Mavalavu amagayidwa pamipando yake, kenako mpata wake umaikidwa injini itazizira, 0.15 mm polowera ndi 0.20 mm potulukira. Pulagi ndi BPR6ES ya mpata wa 0.7 mpaka 0.8 mm. Mabawuti a con rod amamangidwa pa 12 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira bawuti), a mutu wa silinda pa 24 Nm. Amakaniko ambiri kuno amamanga ndi dzanja ndipo ena ali ndi dzanja labwino zedi, koma ulusi wa mu aluminiyamu sukhululuka, ndipo mabuloko ambiri amatayidwa chifukwa cha bawuti yomangitsitsa osati chifukwa chakutha. Gasiketi iliyonse yotsegulidwa imasinthidwa. Mukaona silikoni wambiri atafinyikira kunja m'mbali mwa chivundikiro, dziwani kuti anabwezera gasiketi yakale.

Mbali ya pampu ndi imene imanyalanyazidwa kwambiri, chifukwa wogula amamvetsera kulira kwa injini n'kukhutira. Seal iyenera kukhala yatsopano, palibe kukambirana. Impela yodyeka imadziwika ndi mapiko opyapyala akuthwa ngati mpeni, ndipo mpata wa pakati pa iyo ndi chigoba chamkati ukakula, madzi amangozungulira momwemo m'malo motuluka. Palinso kalabala kotseka pakhomo polowera madzi, ndi O-ring (mkombero wa labala wotseka mpata) wamkulu wa chivundikiro. Ziwirizi n'zotchipa, koma zikauma ndi kung'aluka pampu imayamwa mpweya ndipo mudzakhala mukuthira madzi m'mimba mwake tsiku lonse.

Musagule pampu imene yangolizidwa pakhonde. Pemphani kuti akaiyesere pamadzi, ndi paipi yoyamwira yofanana ndi imene mukagwiritse ntchito, pampuyo ili mamita atatu kapena anayi pamwamba pa madzi. Papepala mapampu awa amayamwa mpaka mamita 7 kapena 8, koma yakutha imalephera ngakhale pa anayi. Tengani diramu ya malita 200. Ya mainchesi awiri ikakhala yatsopano imalembedwa kuti imatulutsa malita pafupifupi 600 pa mphindi, kutanthauza masekondi 20 pa diramu pamalo pafulati. Kudimba nthawi imakwererapo, koma ikadutsa mphindi yathunthu pa paipi yaifupi, impela yatha. Isiyeni ilire theka la ola. Suzumirani pansi, pamene pampu yakumana ndi injini. Pakamadontha madzi, seal ndi yakale kapena anaiika mokhota. Utsi wabuluu wosatha injini itatentha ndi wa maringi. Izimitseni, muilizenso idakali yotentha. Ikavuta, mavalavu kapena koyilo (chopanga moto wa pulagi) zili ndi nkhani. Pomaliza tsatirani waya wa kachipangizo ka oyilo kaja muone ngati walumikizidwa. Wokonza wodzidalira sakana mayeso amenewa, ndipo ena amakupatsani m'pepala la pulasitiki zipangizo zakale zimene achotsa kuti muone nokha. Chizolowezi chimenechi n'choyamikika kwambiri.

Tsopano nkhani ya phindu, imene ikukhudzanso wogula, pakuti makaniko amene akuluza ndi amene amayamba kudumpha masitepe. Popeza mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, tiwerengere m'magawo. Tiyerekeze kuti pampu yatsopano ya ku China ndi magawo 100, ndipo yokonzanso singagulitsidwe kupitirira 60, chifukwa kupitirira apo mlimi angolimba mtima n'kukagula yatsopano. Makaniko wagula zakufa khumi pa magawo 15 iliyonse, wawononga 150. Atazitsegula wapeza kuti zitatu zikungofuna seal, magasiketi, pulagi, oyilo ndi kutsuka kabureta, zomwe pamodzi ndi ntchito ndi magawo 15 iliyonse, zonse 45. Zinayi zikufuna pisitoni, maringi, mabelingi ndi impela, magawo 35 iliyonse, zonse 140. Zitatu zotsalazo buloko inang'aluka kapena crankshaft inatha, n'zongochotsako masipeya. Aikenso padera magawo 15 a pampu imene idzabwezedwe ndi kasitomala. Zonse pamodzi ndi 350. Akagulitsa zisanu ndi ziwiri pa 60 apeza 420, phindu ndi 70, kuphatikizapo kangachepe ka masipeya ndi sikirapu ya zitatu zija.

Onani chimene chabisala m'masamu amenewa. Yakufa iliyonse sinamudye 15 ayi. Inamudya 150 kugawa ndi 7, kupitirira 21, chifukwa zitatu zosakonzeka zija zimalipiridwa ndi zinzake. Amakaniko ambiri amawerengera phindu pa pampu imodzi imene yayenda bwino, n'kudabwa kuti pakutha pa chilimwe mpamba wachepa.

Tisinthe chinthu chimodzi chokha. Zakufa khumi zomwezo zichokere kumalo kumene kunasefukira madzi, monga zinachitikira mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 ndi namondwe Idai, mu Januwale 2022 ndi Ana, komanso mu Malichi 2023 ndi Freddy. Pambuyo pa ngozi zotere zakufa zimachuluka, eni ake ali pamavuto ndipo akufuna ndalama msanga, ndiye makaniko amakopeka kugula zambiri. Koma injini imene yagona m'matope milungu ingapo imachita dzimbiri musilinda, m'mabelingi ndi pa camshaft. Tinene kuti mwa khumi, imodzi ndi yopepuka kukonza (ya magawo 15), zinayi n'zolemera (za magawo 35), zisanu n'zophwasula. Ndalama zolowa ndi 150, 15, 140 ndi 15, zonse 320. Zogulitsa ndi zisanu, 300. Waluza 20 atagwira ntchito mwezi wathunthu. Choncho yomira siyenera kugulidwa pa mtengo wa yongotopa, ndipo njira yachilungamo kwa onse awiri ndi kuitsegula mwini wake ali pompo: kukoka chingwe kuti muone ngati pisitoni ikuyenda, kuona oyilo, kuchotsa pulagi, kutsegula chivundikiro cha pampu. Mphindi khumi zimakwana, ndipo mtengo ukambidwe pambuyo pake. Kwa alimi, injini ikamira ndipo mwaivuula tsiku lomwelo kapena mawa lake, musailize. Khuthulani oyilo ndi petulo, chotsani pulagi, kokani chingwe kuti madzi atuluke, thirani oyilo pang'ono musilinda, n'kupita nayo kwa makaniko sabata isanathe. Yoteroyo imapulumuka.

Kusunga katundu pa ntchito iyi n'kovuta kuposa pa golosale, chifukwa wagolosale amaoda chimene akufuna, pamene wokonzanso salamulira kuti zakufa zibwera liti, zingati, ndiponso zili bwanji mkati. Ali ndi milu itatu yoyenera kuiyang'anira payokhapayokha: zakufa zodikira, masipeya atsopano, ndi mapampu otha kale odikira wogula. Nyengo ya miluyi siigwirizana. Zakufa zimapezeka motchipa kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, pamene pampu ilibe ntchito ndipo pakhomo pakufunika chimanga ndi fizi. Ogula amabwera kuyambira Epulo mpaka Julayi. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala anthu sagula kwenikweni, amabwera ndi zofuna kukonzedwa lero lomwe. Ndiye kuti ndalama yogulira yakufa mu Januwale imabwerera mu Meyi, ndipo amene watenga ngongole ya katapila kuti agule zakufa wadya kale phindu lake asanagwire sipanala. Magalaja amene akuchita bwino amagula pang'onopang'ono m'dzinja, amasankha m'magulu atatu aja (zopepuka, zolemera, zophwasula) tsiku lomwelo n'kulemba ndi choko pathanki, amayamba ndi zopepuka kuti ndalama izungulire msanga, ndipo zolemera amazikonza akaona kuti ogula ayamba kufunsa. Pampu yotha kale imene yatsala pashelefu mu Novembala idzadikira miyezi isanu, ndiye kumapeto kwa nyengo ndi bwino kukonza pokhapokha wina wapereka chikole.

Pa masipeya atsopano ndi pamene ambiri amatikhumudwitsa. Si zachilendo kupeza mapampu asanu atayalidwa pansi otsegula, onse akudikira seal imodzi yochokera ku Limbe. Kuchokera ku Nchalo kupita ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 80 kudzera m'mapiri a pamwamba pa Thabwa, ndipo wa ku Nsanje ulendo wake ndi wopitirira kawiri pamenepo. Ulendo wokatenga kanthu kamodzi umadya phindu la pampu yonse. Masamu ake ndi apafupi. Ngati mu Seputembala mumatha maseal 6 pa sabata ndipo katundu amakufikani pakatha milungu iwiri, mufunika 12 ongodikirira, kuphatikizapo ena 6 a mwadzidzidzi. Akatsala 18, odani. Musadikire kuti kabokosi kaoneke pansi. Mu Febuluwale nambala yomweyo itsike, mwina kufika pa 4. Zoyenera kusasowa ndi zotchipa zotha msanga: maseal, magasiketi, maringi a 68 mm, mapulagi, mabelingi a 6205, zingwe ndi masipuling'i a sitata, masefa a mpweya ndi timapaipi ta petulo. Zodula zofunika mwa apo ndi apo, monga crankshaft, buloko, flywheel ndi thanki, zichokere pa zophwasula zija. Pamene kwacha ikugwa, kusunga zitsulo n'kwanzeru kuposa kusunga ndalama, koma za labala n'zina. M'kontena ya malata pa Ngabu mu Okutobala, ma O-ring ndi timalabala totseka timauma tisanagwire ntchito. Izi zigulidwe zokwana nyengo imodzi, zisungidwe m'chitini chotseka, pamthunzi, pansi.

Kulowana kwa zipangizo kuja kuli ndi malire, ndipo apa pamatsekeredwa ndalama zambiri. Injini ya jenereta ndi ya pampu zikhoza kukhala 168F zonse, koma shafuti ya jenereta ndi yosongoka pamene ya pampu ili ndi ulusi kapena bawuti yogwira impela. Maseal nawo alipo a shafuti ya 16 mm, alipo a 20 mm, ndipo impela ya kampani ina siikhala m'chigoba cha ina ngakhale zonse zili za mainchesi atatu. GX160 ndi GX200 zili ndi silinda yofanana kukula koma crankshaft yosiyana, ina imayenda 45 mm ina 54 mm. Galaja imene imalandira chilichonse chobwera imadzaza ndi zidutswa zosakumana. Imene yasankha mitundu iwiri kapena itatu yofala m'dera lake n'kukana ina imakonza msanga ndipo shelefu yake ndi yaing'ono. Wogula afunse funso limeneli mosapita m'mbali: "Achimwene, seal ndi impela ya pampu iyi muli nazo pano?" Akakuonetsani m'manja, gulani. Akati adzaitanitsa, ganizani kawiri.

Ntchito imene tikuiyamikira koposa, ngakhale ndi ochepa amene amaichita, ndi yosinthanitsa. Mlimi amabwera ndi yakufa, amatenga yokonzanso ya mtundu womwewo tsiku lomwelo, n'kulipira ndalama yapamwamba malinga ndi gulu limene yakufayo yagweramo. Mlimi sataya masiku othirira, ndipo makaniko amapeza zakufa mu nyengo imene zimasowa, zodziwika mbiri yake. Kuti zitheke pamafunika mapampu atatu kapena anayi okhala okonzeka nthawi zonse kuyambira Ogasiti, ndipo mtengo wa gulu lililonse unenedwe pampu isanatsegulidwe, kuti pasakhale kukangana.

Zofooka zilipo ndipo sitizibisa. Chitsimikizo nthawi zambiri chimakhala cha pakamwa. Pemphani lisiti yolembapo nambala ya injini, zimene zasinthidwa, ndi miyezi imene mungabweze, ndipo miyeziyo iyambe kuwerengedwa pamene muyambe kuthirira, chifukwa chitsimikizo cha miyezi itatu pa pampu yogulidwa mu Januwale chimatha isanakhudze madzi. Masipeya otchipa kwambiri, makamaka makabureta ndi maseal opanda dzina, amabweza ntchito m'mbuyo, ndipo magawo 15 aja oikidwa padera sakwana ngati pampu iliyonse yachitatu ikubwerera. Msika nawonso ukusuntha. Petulo akasowa m'mafilling station monga zakhala zikuchitika kuyambira 2022, pampu yabwino imangokhala, ndipo alimi ena akusamukira ku mapampu a sola. Kumadera amene ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira idzafike, kufunika kwa mapampu kudzasintha. Wokonza asaunjike zakufa zopitirira zimene angagulitse m'nyengo imodzi.

Kwa amene amathirira tsiku lililonse maekala ambiri, kapena gulu la alimi lobwerekana pampu imodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, yatsopano ya mtundu wodziwika ndiyo yoyenera, yokonzanso ikhale yapambali. Kwa wa dimba laling'ono wothirira kawiri kapena katatu pa sabata, yokonzanso imene yapambana mayeso a diramu ndi yokwanira. Mukafika nayo kunyumba, itengeni ngati yatsopano chifukwa maringi ake sanakhazikike. Sinthani oyilo pakatha maola 20 oyamba, kenako maola 100 alionse, kapena msanga kuposa apo m'miyezi ya fumbi. Iikeni pathabwa lafulati, thirani madzi m'mimba mwake musanakoke chingwe, ndipo mvula ikayamba tsekani petulo, isiyeni ilire mpaka izime yokha, khuthulani kabureta ndi madzi a m'chigoba, n'kuisunga pamalo okwera.